Kapiritsi ka mu Tiyi wa Azakhali

Omvera a kwa Kasakula, a ku Malomo, a pa boma pa Ntchisi, mpaka kutsikira ku Dowa, ku Mponela ndi ku Mvera, tcherani khutu. Inu amene muli pakhonde mukuswa mtedza, pitirizani. Inu amene mwatereka ketulo pamoto, musaphule msanga, chifukwa nkhani yathu lero ili m'kapu momwemo.

Lero tikamba za matenda a shuga. Koma sitikamba zonse ayi. Tatolapo kanthu kamodzi, kakang'ono kwambiri: timapiritsi ndi tiufa totsekemera timene odwala shuga ena akuthira mu tiyi m'malo mwa shuga. Kodi n'tabwino? Kodi sitipha? Nanga timathandiza mpaka pati?

Ndiyambe ndi azakhali anga.

Azakhali anga amakhala kuseri kwa phiri, dera la kwa Kasakula komweko. Ndi mayi wokonda tiyi. Kale tiyi wawo anali wa masupuni atatu, ndipo kukabwera alendo ankawonjezera yachinayi kuti asaoneke oumira. Kenaka zinthu zinayamba kusintha. Ludzu losatha. Usiku kudzuka kasanu kukataya madzi. Thupi n'kumatha. Mukudziwa inu, kwathu kuno munthu akawonda, pakamwa pa anthu sipakhala chete. Atapita kuchipatala anawabaya chala, kamakina n'kuwerenga, adokotala n'kunena kuti shuga wakwera. Anawalembera mankhwala m'buku lawo la kuchipatala, n'kuwauza kuti shuga wa mu tiyi aiwale.

Mwana wawo ali ku Joni. Atamva, anapatsira mnzake wobwera kumudzi kabotolo kakang'ono ngati bokosi la machesi. Ukadina pamwamba, kamalavula kapiritsi kamodzi koyera, kongoposa pang'ono njere ya mapira.

Nditapita kukawaona, anakatulutsa m'kathumba, n'kukagwira ndi nsonga za zala ngati kawotcha.

"Mwanawe, taona ichi. Akuti kamodzi kokha n'chimodzimodzi supuni yodzadza. Si mankhwala a makoswe amenewa?"

"Ayi azakhali, si a makoswe."

"Nanga amayi a kuseriku akuti timayambitsa khansa. Koma abambo aja a pa chigayo akuti ndikamamwa tsiku ndi tsiku shuga wanga atheratu. Ndimvere ndani?"

Mwamva, omvera? Kabotolo kamodzi, maphunziro awiri. Wina akuti ndi poizoni. Wina akuti ndi mankhwala. Onse awiri aphonya. Si poizoni, komanso si mankhwala. Gwirani mawu amenewa, chifukwa tibwererakonso.

Tiyeni tiyambe ndi funso loyamba. Kodi kapiritsi kameneka n'chiyani?

Lilime lathu lili ndi timalo timene timamva kutsekemera. Shuga akafika pamenepo, timalo timeneti timauza ubongo kuti kwabwera zokoma. Ndiye pali zinthu zina, zimene si shuga, koma zimagogoda pakhomo lomwelo. Zimagogoda mwamphamvu zedi. China chimatchedwa saccharin, ndipo chimatsekemera kuposa shuga ka 300. China ndi aspartame, kuposa shuga ka 200. China ndi sucralose, chimene chimafika ka 600. Palinso stevia, wochokera ku masamba a kachitsamba ka ku Paraguay, kamene anthu a mtundu wa Guarani akhala akutsekemeretsera chakumwa chawo kuyambira kalekale. N'chifukwa chake kapiritsi n'kakang'ono chotero. Kakanakhala kodzadza supuni, simukanatha kumeza.

Tsono kusiyana kuli apa. Shuga wa ku Dwangwa kapena wa ku Nchalo akatsika m'mimba, amalowa m'magazi. Kuti achoke m'magazimo n'kukagwira ntchito m'thupi, pamafunika insulin, amene amapangidwa ndi kapamba. Wodwala shuga, insulin wake ndi wochepa, kapena alipo koma thupi silikumumvera. Ndiye shuga amangodzadzana m'magazi, n'kumawononga maso, impso, mitsempha ya kumapazi. Koma kapiritsi kaja sikasanduka shuga. Saccharin amatuluka ndi mkodzo mmene analowera. Sucralose wambiri amangodutsa m'matumbo. Aspartame amaphwanyika kukhala tizidutswa tonga timene timapezeka mu nyama ndi mu mkaka. Lilime lasangalala, koma shuga m'magazi sanakwere.

Ndikuuzeni kankhani ka m'mbali. Saccharin anapezeka mwangozi mu 1879, ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America. Katswiri wina, Constantin Fahlberg, ankagwira ntchito ndi mankhwala ochokera ku phula la malasha. Akuti madzulo anakhala pa chakudya asanasambe bwino m'manja, n'kumva buledi akutsekemera. Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Uyu analidyadi phulalo, koma mwayi wake, anatulukira malonda. Inu musayesere zimenezo. Sambani m'manja.

Tsopano tifike pa funso la amayi a kuseri aja. Nanga khansa?

Manthawa ali ndi gwero lake. M'zaka za m'ma 1970, akatswiri anadyetsa makoswe saccharin wambiri zedi, woti munthu sangamudye ngakhale atafuna. Makoswe ena anadwala khansa ya m'chikhodzodzo. Dziko linanjenjemera. Ku America analamula kuti pa paketi iliyonse pakhale chenjezo. Koma kafukufuku atapitirira, anapeza kuti vutolo linkachokera ku mtundu wa mkodzo wa makoswewo, umene ndi wosiyana ndi wa munthu. M'chaka cha 2000 chenjezo lija linachotsedwa. Ndiye azakhali sanaphonye kwambiri potchula makoswe. Kungoti nkhaniyo inathera kwa makoswe komweko.

Ya aspartame ndi yaposachedwa. Mu July 2023, nthambi ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO yoona za khansa inaika aspartame m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa. Mvetsani mawuwo: mwina zingayambitse. Ndi gulu la zinthu zimene umboni wake ndi wochepa, wosakwana kugamula mlandu. Tsiku lomwelo, komiti ina ya akatswiri a WHO ndi FAO, yoona za zothira m'zakudya, inati mlingo wovomerezeka usasinthe. Anapereka chitsanzo. Munthu wolemera makilogalamu 70 angadutse mlingowo pokhapokha atamwa zitini zoposa 9 mpaka 14 za chakumwa cha aspartame tsiku lililonse. Tsiku lililonse, omvera. Kodi kwa Kasakula alipo amene ali ndi thumba lotero? Timapiritsi tiwiri kapena titatu ta azakhali sitifika n'komwe pafupi ndi malirewo.

Sindikunena kuti akatswiri atseka buku. Ayi. Mu 2022, akatswiri a ku Weizmann Institute ku Israel anapeza kuti saccharin ndi sucralose amatha kusintha tizilombo tabwino ta m'matumbo, ndipo mwa anthu ena thupi limasinthako kalandiridwe kake ka shuga. Mu May 2023, WHO inalangiza kuti anthu asadalire zotsekemeretsazi pofuna kuchepetsa thupi, chifukwa pakapita nthawi sizioneka kuti zimathandiza. Koma pamalangizo omwewo analemba momveka kuti sakukhudza anthu amene ali kale ndi matenda a shuga. Ambiri amene anafalitsa uthengawu pa WhatsApp anadula mchira umenewu.

Ndiye chigamulo changa pa funso la khansa n'chotere. Kwa munthu wodwala shuga, choopsa chimene tikuchidziwa bwino lomwe ndi masupuni atatu aja. Amenewo ndiwo amachititsa khungu. Amenewo ndiwo amadulitsa mwendo. Kuthawa kapiritsi n'kubwerera ku masupuni atatu kuli ngati kuthawa mthunzi wa njoka n'kukaponda njoka yeniyeniyo.

Alipo ochepa oyenera kusamala mwapadera. Pali matenda ena osowa kwambiri, obadwa nawo, otchedwa phenylketonuria, ndipo amene ali nawo saloledwa aspartame. N'chifukwa chake pa botolo mumaona mawu akuti phenylalanine. Amayi oyembekezera amene apezeka ndi shuga, yambani mwafunsa ku sikelo. Ana aang'ono musawazoloweze, alibe nazo ntchito.

Tamaliza ndi amayi a kuseri. Tsopano tiwatembenukire abambo a pa chigayo. Apa ndiye pali nkhani yaikulu, ndipo ndikupempha mukweze wailesi pang'ono.

Kapiritsi kameneka sikachiza shuga. Ndibwereze. Sikachiza shuga. Sikatsitsa shuga. Ntchito yake ndi imodzi basi: kulowa m'malo mwa supuni ya mu tiyi. Mukasiya mankhwala a kuchipatala monga metformin kapena glibenclamide chifukwa mwana wakutumizirani kabotolo, mwadzikumbira dzenje nokha.

Nditabwereranso kwa azakhali patatha miyezi iwiri, ndinawapeza akudandaula.

"Mwanawe, shuga ndinasiya. Ndikumwa timapiritsi tija. Koma kuchipatala akuti sakutsika. Ndiye ndalakwanji?"

Ndinangokhala nawo tsiku lonse, maso ali pa mbale. M'mawa, tiyi wa kapiritsi. Bwino. Koma pambali pake mandasi awiri ndi mbatata yaikulu ngati mkono wa mwana. Cha m'ma 10 koloko, chikho cha thobwa. Masana, nsima ya ufa woyera, mitanda itatu, ndiwo pang'ono za pambali. Madzulo mdzukulu wabwera ndi nzimbe kuchokera kudimba, agogo n'kutafunako mfundo zinayi. Usiku nsima ina.

Mwaona pamene pabisala shuga? Kapiritsi kanatseka kabowo kamodzi ka denga, koma mvula ikulowera pakhomo.

Nsima sitsekemera pakamwa, n'zoona. Koma ikafika m'mimba, thupi limaiphwanya n'kuisandutsa shuga. Mtanda umodzi wabwino umapereka shuga woposa amene anali m'masupuni atatu aja. Mpunga chimodzimodzi. Chinangwa, kachewere, buledi, sikono, zitumbuwa, chigumu, zonsezi njira yake ndi imodzi. Sindikuti musiye nsima. Ndinganene zimenezo kwa Mchewa ine? Mungandizimire wailesi. Ndikuti chepetsani mitanda. Ngakhale mgaiwa uli ndi malire. Mbale itembenuzeni. Kumene kunali phiri la nsima kukhale phiri la ndiwo. Nkhwani wotendera, chisoso, bonongwe, khwanya, therere. Nyemba, soya, mtedza, usipa. Mwayi wathu a ku Ntchisi ndi ku Dowa ndi wakuti zambiri mwa izi timalima tokha. Sizichokera ku Joni.

Nanga thobwa? Ena amati, "Langali sindinathiremo shuga." Amayi, inu amene mumaphika thobwa mukudziwa bwino kuposa ine. Phala lija limakhala lolimba. Mukathira chimera, limasungunuka n'kuyamba kutsekemera lokha. Kutsekemera kumeneko kwachokera kuti? Chimera chasandutsa ufa kukhala shuga mumphika momwemo. Ndiye thobwa lopanda shuga wa m'sitolo lili ndi shuga wake kale.

Nanga uchi? Uchi wa m'nkhalango ya Ntchisi ndi wokoma, palibe angatsutse. Anthu amati n'chachilengedwe, sichingapweteke. Njuchi ndi zachilengedwe, koma zimaluma. Uchi ndi shuga. Nzimbe ndi shuga. Shuga wabulauni ndi shuga, wangosiyana malaya ndi woyera.

Tikhoteko pang'ono tilowe m'golosale. Masiku ano mashelefu adzaza ndi zakumwa zolembedwa zero, diet, sugar free. Zina zimachokera ku South Africa. Kumeneko boma linaika msonkho pa zakumwa za shuga mu April 2018, ndipo makampani ambiri anachepetsa shuga n'kuthiramo zotsekemeretsa zija. Koma tcherani khutu. Zina anachotseratu shuga. Zina anangosakaniza, theka shuga, theka zotsekemeretsa. Ndiye kuona dzina la aspartame pa botolo sikutanthauza kuti shuga mulibe. Tembenuzani botolo, werengani kumbuyo. Ngati zilembo zachepa, itanani mdzukulu wa ku sekondale akuwerengereni.

Juwisi wa zipatso wolembedwa no added sugar, tanthauzo lake n'lakuti sanawonjezere. Koma shuga wa zipatsozo ali momwemo, wodzadza. Mabisiketi olembedwa sugar free apangidwa ndi ufa wa tirigu, ndipo ufa tanena kale kumene umathera. Masiwiti ena otere amathiramo sorbitol kapena xylitol. Mukadya ambiri, mimba imalira, kenaka ulendo wa kuchimbudzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo tiufa toyera togulitsidwa pamsika m'timapepala topanda dzina, topanda tsiku, topanda chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, tisiyeni pomwepo. Chinthu chotsekemera ka 300 sichiyezedwa ndi maso. Zimene akatswiri aja anavomereza ndi zodziwika dzina ndi mlingo, osati zomangidwa m'kapepala ndi munthu amene mawa simudzamupeza.

Tsopano tafika pa mfundo yomaliza, ndipo ndi imene yandibweretsa pano lero. Mukaiwala zonse, iyi yokha musaiwale.

Shuga samangokwera. Amatsikanso. Ndipo kutsika kumapha msanga kuposa kukwera.

Unali mwezi wa January, nthawi yopalira. Azakhali anadzuka m'mamawa, anamwa glibenclamide wawo, anamwa tiyi wa kapiritsi wopanda chodyera, n'kunyamula khasu kukwera kumunda wa kumtunda. Inu a kumapiri mukudziwa, kufika kokha kumunda ndi ntchito kale. Dzuwa litakwera pang'ono, manja anayamba kunjenjemera. Thukuta lozizira. Mtima gu gu gu. Maso kuchita chidima. Anakhala pansi pa mzere, akulankhula zosagwirizana ngati munthu woledzera.

Mdzukulu wawo, mtsikana wa sitandade 7, anathamangira kunyumba. Mwana wanzeru, womvera. Amadziwa lamulo la pakhomo: agogo samwa shuga. Ndiye anatenga kapu ya madzi, anadina kabotolo kanayi, anatakasa, n'kuthamanga nayo kumunda. Agogo anamwa. Pakamwa panatsekemera ndithu. Koma manja sanaleke kunjenjemera.

Chifukwa chiyani? Mwayankha kale nokha. Kapiritsi sikalowa m'magazi ngati shuga. Ubwino wake uja, pa ola limenelo unasanduka tsoka. Ubongo unali ndi njala ya shuga weniweni, ndipo anaupatsa chithunzi cha shuga.

Anawapulumutsa ndi mayi wina wa munda woyandikana nawo, amene mwamuna wake amabaya insulin. Anangoyang'ana kamodzi n'kukuwa, "Iwe, thamangira pa okala, ukatenge shuga weniweni! Ndalama tikapereka!" Masupuni atatu m'kapu ya madzi. Pasanathe mphindi 15, azakhali anayamba kufunsa kuti khasu lawo lili kuti.

Ndiye imvani bwino, inu odwala ndi inu owasamalira. Amene mumamwa glibenclamide kapena kubaya insulin, ngoziyi ili pafupi nanu, makamaka mukadumpha chakudya, mukagwira ntchito yolemetsa, kapena mukamwa mowa. Metformin payekha sachita zimenezi kawirikawiri. Zizindikiro ndi zomwe zija: kunjenjemera, thukuta, njala yadzidzidzi, mtima kuthamanga, kusokonezeka mutu. Zikatero, lamulo la pakhomo limayamba laima. Patsani munthuyo shuga weniweni, masupuni aang'ono atatu kapena anayi m'madzi. Kapena uchi. Kapena chakumwa cha shuga, osati cholembedwa zero. Akatsitsimuka, adye chakudya. Koma ngati wakomoka, musamuthire kanthu kukamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali, pezani njinga yamoto kapena galimoto, thamangirani kuchipatala. Ndipo nkhaniyo mukawauze adokotala, chifukwa mwina mlingo wa mankhwala ukufunika kusintha.

Mwina wina akufunsa kuti, nanga ife amene tilibe mwana ku Joni? Timapiritsi timeneti pa okala sitipezeka. Mpaka ku Lilongwe, m'mafamase ndi m'masitolo akuluakulu, ndipo mtengo wake si wamasewera. Musadandaule. Simukuphonya mankhwala alionse. Lilime limaphunzira. Sabata ino thirani masupuni awiri m'malo mwa atatu. Sabata yamawa imodzi. Kenaka theka. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, tiyi wa masupuni atatu mudzamumva ngati manyuchi. Ena amathiramo mandimu, ena tsamba la lemongrass lobzala kuseri kwa nyumba, ena jinja, ena kamkaka pang'ono. Ine ndikanasankha njira imeneyi. Koma amene tiyi wowawa wamukanika, ndipo akuona kuti abwerera ku shuga, kapiritsi n'kabwino kuposa kubwererako. Kamodzi kapena tiwiri pa kapu. Ngati ndi ka aspartame, muthire mutaphula, chifukwa kakawira pamoto kutsekemera kumathawa.

Ndipo inu amene simunayezetsepo, musadikire kuwonda. Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi WHO wa mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu 20 alionse m'Malawi muno, mmodzi kapena kuposerapo pang'ono anali ndi shuga wokwera. Ambiri sadziwa. Si matenda a mabwana a m'tauni okha ayi. Azakhali anga sanakhalepo pa mpando wa mu ofesi. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, chilonda chosapola, dzanzi kumapazi, maso kuchita nkhungu: pitani pa chipatala cha boma ku Ntchisi, ku Dowa, ku Mponela kapena chimene muli nacho pafupi, mukapemphe kuti akubayeni chala.

Azakhali lero ali bwino. Kabotolo kaja akadali nako, ndipo mwana wawo amatumiza kena kakatha. Mitanda inatsika kuchoka pa itatu kufika pa umodzi ndi theka, ngakhale pa theka limenelo timakanganabe. Mankhwala samadumphitsa. Kumunda sapita osadya. Ndipo pa nsonga ya chitenje chawo, pamene amayi ena amamangapo ndalama, iwo amamangapo kapepala ka shuga wa masupuni atatu.

Inu amene muli ndi wodwala shuga pakhomo, usiku uno musanagone, itanani ana ndi adzukulu. Aonetseni kabotolo, aonetseninso paketi ya shuga. Auzeni kuti aka n'ka mu tiyi, uyu ndi wa tsiku limene agogo ayamba kunjenjemera. Kenaka mangani kapepala kaja pa chitenje kapena mukaike m'thumba la malaya opita nawo kumunda.